Chifukwa Chache Zolemba Zathu Zimaonongeka Panjira

Anzanga, pali dandaulo limodzi limene limamveka kawiri-kawiri m'zipinda za makompyuta, m'maofesi a masukulu, ndi m'timanyumba tosindikiza makalata m'tauni muno mwa Mzuzu. Dandaulo lache ndi ili: "Nanga chachitika nchiani? Pajatu ndinalemba bwino!" Munthu amalemba kalata pa kompyuta imodzi, naiyala bwino, mizere yonse yoongoka. Koma akaitsegula pa kompyuta yina apeza kuti tsamba limodzi lasanduka masamba awiri, ndandanda ya maina yapendekeka, ndipo pamene analemba Malaŵi ndi kachipewa pamwamba pa w pali kabokosi, kapena chizindikiro cha funso, kapenanso zilembo zachilendo zotere: MalaÅµi.

Ena amati ndi vairasi. Ena amadzudzula wotaipa kuti ndi wosasamala. Enanso amati kompyutayo yakalamba. Nthawi zina zimenezi nzoona, koma kawiri-kawiri gwero la bvutoli liri kutali ndi Mzuzu, m'maofesi a makampani amene amapanga mapulogalamu a kompyuta. Makampaniwo amabvomera kuti adzatsata miyeso yofanana, koma ambiri a iwo amasunga panganolo theka lokha. M'nkhani ino ndifuna kufotokoza m'mene zimenezi zimachitikira, chifukwa chache zimachitika, ndi chimene ife ana a sukulu tingachitepo.

MUYESO NDI CHIANI?

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tichidziwa. Amai akapita ku msika kukagula chimanga cha ndowa imodzi, amayamba ayang'ana kunsi kwa ndowayo, pakuti adziwa kuti ogulitsa ena amaigogoda pansi kuti mulowe chimanga chochepa. Ndowa ziwiri zingafanane kunja koma m'kati ziri zosiyana. Nchifukwa chache anthu anapangana za kilogalamu, kuti kilogalamu ya ku Karonga ikhale yomweyo ya ku Nsanje. Pangano lotere ndilo muyeso. M'dziko lathu lino bungwe loyang'anira miyeso ndi Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Pa dziko lonse lapansi pali bungwe la ISO, limene linayamba nchito mu 1947, ndipo likulu lache liri ku Geneva m'dziko la Switzerland. Miyeso yambiri ya masamba a pa intaneti imalembedwa ndi bungwe la World Wide Web Consortium, mwachidule W3C, limene Tim Berners-Lee analiyambitsa mu 1994.

Ubwino wa muyeso uoneka bwino pa njanje. Njanje za m'Malawi ziri ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, chimodzi-modzi za ku Zambia ndi za ku South Africa, ndiponso zimene zichokera ku Nacala ndi ku Beira. Chotero ngolo yochokera ku Nacala ingathe kulowa m'dziko lathu popanda kutsitsa katundu. Koma ku Tanzania njanje ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975, iri ndi mpata wa 1,067, pamene njanje yakale imene anayamba kumanga Ajeremani iri ndi mpata wa 1,000. Pa Kidatu, pamene njanje ziwirizi zikumana, anamangapo malo otsitsira katundu m'ngolo zina ndi kumkweza m'zinzache. Ndipo ali yense amene anasenzapo matumba adziwa kuti potsitsa ndi pokweza ndi pamene thumba limabooka.

Zolemba za pa kompyuta nazonso zimatsitsidwa ndi kukwezedwa chomwecho pamene zichoka m'pulogalamu yina kulowa m'inzache. Koma pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukumbukira. Boma lingathe kulanga munthu wogulitsa ndi sikelo yonyenga, koma ISO ndi W3C alibe apolisi. Iwo amangolemba pangano. Kusunga kapena kusasunga kuli kwa eni makampani.

KOMPYUTA SIDZIWA ZILEMBO

Kompyuta sidziwa chilembo ngakhale chimodzi. Imadziwa manambala okha. Mukalemba A wamkulu, iyo imasunga 65. Mukalemba B, imasunga 66. Ndandanda ya manambala ameneyi, yotchedwa ASCII, inatuluka ku America mu 1963, ndipo inali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Mu 1987 ISO inatulutsa ndandanda ya malo 256 ya zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, ndipo kampani ya Microsoft inali ndi yache yofanana nayo, yotchedwa Windows-1252. M'ndandanda zonsezi munalibe ŵ. Ngakhale anthu a ku Wales, ku Britain komweko, amene amalembanso ŵ m'chinenero chao, anatsala kunja pamodzi ndi ife.

Mu 1991 kunabwera muyeso wa Unicode, umene cholinga chache ndi kupatsa chilembo chiri chonse cha chinenero chiri chonse nambala yache-yache. M'menemo ŵ wamng'ono ndi 373, ndipo Ŵ wamkulu ndi 372. Onani tsono kuti chilembo chathu chinalandira malo ache zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Ngati chikutayikabe lero, mlandu suli wa muyeso ai, koma wa mapulogalamu amene sautsata mokwanira. Chimatayika m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi iyi. Kasungidwe kofala ka Unicode, kotchedwa UTF-8, kamene anakonza Ken Thompson ndi Rob Pike mu 1992, kamalemba ŵ ndi manambala awiri, 197 ndi 181, oyenera kuwerengedwa pamodzi. Pulogalamu imene ikali kuwerenga ndi ndandanda yakale imawatenga payekha-payekha. Kwa iyo 197 ndi Å, ndipo 181 ndi µ. Umo ndi m'mene Malaŵi amasandukira MalaÅµi.

Njira yachiwiri ndi yoopsa koposa. Pulogalamu ikamasunga zolemba m'ndandanda yakale, imene iribe malo a ŵ, imaikapo chizindikiro cha funso kapena w wopanda chipewa. Zikatero chilembo chapita ndithu, ndipo palibe wina angachibweze koma munthu wodziwa chinenerocho, atawerenga mau onse limodzi-limodzi. Kapulogalamu ka Notepad ka mu Windows kanayamba kusunga zolemba mu UTF-8 popanda kukauza m'chaka cha 2019, patapita zaka 27 chikonzereni kasungidweko.

Njira yachitatu ndi ya kabokosi kaja. Apa nambala 373 ikalipo, koma fonti, ndiye kuti gulu la zithunzi za zilembo zimene kompyuta imaonetsa, iribe chithunzi cha ŵ, chifukwa wojambula fontiyo sanaganize za ife. Mukasintha fonti, chilembo chimabwerera.

Pa foni paliponso. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, koma ndandanda yache iribe ŵ. Mukalemba ŵ mmodzi yekha, foni imasinthira ku kasungidwe kena kamene kamanyamula zilembo 70 zokha, kotero kuti uthenga wa zilembo 100 umapita ngati mauthenga awiri. Mafoni ena amangochotsa chipewacho mwakachetechete.

Wina angafunse kuti, "Kachipewa kokhako nkudandaula nako?" M'Chichewa olemba ambiri a lero anakasiya, ngakhale mabuku ena, monga Buku Loyera la 1998, amakalemba. Koma kuno ku Mpoto, kumene ambiri a ife tinayamwira Chitumbuka, kachipewako kanyamula tanthauzo. "Wafika" anenedwa munthu mmodzi, pamene "ŵafika" anenedwa anthu ambiri, kapena munthu wamkulu amene timpatsa ulemu. Pulogalamu ikachotsa chipewa, alendo asanu amasanduka mlendo mmodzi, ndipo mwana amene analemba mwaulemu za atate ache amaoneka ngati wamwano.

WOMASULIRA WA PAKATI

Tsopano tichoke pa chilembo chimodzi, tione chikalata chathunthu. Fayilo ya pa kompyuta si pepala ai. M'kati mwache muli mau, ndiponso tizizindikiro tonena kuti, "uwu ndi mutu wa nkhani," "ili ndi dzina," "apa payamba ndime." Njira yotchuka yolembera tizizindikiroti ndi XML, imene W3C inabvomereza mu 1998. Fayilo ya Word imene dzina lache litha ndi docx ndi mtolo wa timafayilo ta XML tomangidwa pamodzi.

Kuti chikalata chisinthe kuchoka mu mtundu wina kulowa mu mtundu wina, pafunika womasulira. Mu November 1999 W3C inatulutsa muyeso wa nchito imeneyi, dzina lache XSLT, ndipo mkonzi wache anali James Clark. Tiyerekeze kuti mlembi wa sukulu ali ndi ndandanda imodzi ya ophunzira onse, maina ao, kwao, ndi malikisi ao. Ndi XSLT angathe kulemba malamulo kamodzi kokha, ndipo kompyuta idzatulutsa m'ndandanda yomweyo malipoti opita kwa makolo, pepala lokhoma pa bolodi, ndi tsamba la pa intaneti, popanda kutaipanso dzina liri lonse. Potaipanso ndi pamene 78 amasanduka 87, ndiye chifukwa chache chida chotere chiri chofunika.

XSLT yoyambayo, ya nambala 1.0, inali ndi zoperewera. Mwa chitsanzo, kugawa ophunzira m'magulu monga mwa maboma ao, a ku Rumphi paokha, a ku Chitipa paokha, a ku Nkhata Bay paokha, kunali kobvuta ndithu, ndipo amisiri anachita kupeza njira zokhotakhota. Mu January 2007 kunatuluka XSLT 2.0, imene inaika lamulo lapafupi logawira magulu, ndi zina zambiri. Mu June 2017 kunatulukanso XSLT 3.0. Mkonzi wa ziwirizi anali Michael Kay wa ku Britain, amenenso anapanga pulogalamu yotchedwa Saxon, imene imatsata miyeso yatsopanoyi.

Nanga makampani akulu anachitanji? Mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox ndi Safari, anaima pa 1.0 osasunthanso. Zida za .NET, zimene Microsoft imapereka kwa amisiri olemba mapulogalamu, nazonso zinaima pa 1.0. Onsewa angathe kunena moona kuti, "Ife timadziwa XSLT," koma imene adziwa ndi ya 1999. Ziri ngati mphunzitsi amene aphunzitsabe silabasi yakale pamene MANEB inasintha kale kawiri. Sanama kuti ndi mphunzitsi, koma ana ache akalephera mayeso.

Mu 2025 kampani ya Google inalengeza kuti idzachotsa XSLT mu Chrome, m'malo moikonza kuti ifike pa muyeso watsopano. Zifukwa zimene inapereka ndi zakuti masamba ogwiritsa nchito XSLT ndi ochepa, ndiponso kuti pulogalamu yakale imene imachita nchitoyo ingathe kupereka mpata kwa akuba a pa intaneti. Zifukwazo nzomveka. Komabe tifunse: kodi anthu anaisiya chifukwa inali yosafunika, kapena chifukwa anapatsidwa khasu la 1999 losanoledwa kwa zaka zoposa makumi awiri? Njira imene salambula imamera udzu, ndipo pambuyo pache eni ache amati, "Taonani, palibe wodutsamo."

MIYESO IWIRI YA CHINTHU CHIMODZI

Pa makalata a m'maofesi bvuto liri la mtundu wina, pakuti miyeso yache iripo iwiri. Woyamba ndi OpenDocument, mwachidule ODF, umene unabvomerezedwa ndi bungwe la OASIS mu 2005, ndi la ISO mu 2006. Mafayilo ache amatha ndi odt kapena ods, ndipo ndiwo amene imasunga LibreOffice, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2010. Wachiwiri ndi Office Open XML, wochokera ku Microsoft, wa mafayilo a docx ndi xlsx. Buku lofotokoza muyeso umenewu linali ndi masamba oposa 6,000, ndipo ISO inaubvomereza mu 2008 pambuyo pa mkangano waukulu. Maiko anai, South Africa, Brazil, India ndi Venezuela, anachita apilo podandaula ndi m'mene nkhaniyo inayendera, koma apilo yao sinaphule kanthu.

Chodabwitsa ndi ichi. Muyeso wachiwiriwu unagawidwa pawiri: mtundu wokhwima, wotchedwa Strict, ndi mtundu wongodutsira, wotchedwa Transitional, umene unasunga zinthu zakale kuti mafayilo akale asatayike. Office 2010 inkatha kuwerenga mtundu wokhwimawo koma osatha kuulemba. Inayamba kuulemba ndi Office 2013, ndipo ngakhale pamenepo munthu anayenera kuchita kuusankha yekha. Akangosunga fayilo mwa masiku onse, imasungidwa mu mtundu wongodutsira uja. Motero kampani imene inabweretsa muyesowo inatenga zaka zisanu kuti iyambe kuulemba wonse.

Mu 2009 Microsoft inaonjeza mu Office 2007 mphamvu yotsegula mafayilo a ODF. Anthu anakondwa, koma posachedwa anapeza kuti Excel ikatsegula fayilo ya masamu yochokera m'mapulogalamu ena, imataya mafomula ndi kusunga mayankho okha. Taganizani msungi wa chuma wa kalabu amene akonza nambala imodzi pamwamba, nayembekeza kuti chiwerengero cha pansi chisintha chokha, koma icho chiri duu! Apa mlandu unali wa mbali ziwiri, pakuti ODF ya nthawi imeneyo sinafotokoze m'mene mafomula ayenera kulembedwera. Mpata umenewo unatsekedwa ndi ODF 1.2 mu 2011.

Tisaganize kuti mapulogalamu aulere ndiwo angwiro. LibreOffice nayonso ikatsegula docx yokhala ndi zithunzi zambiri ndi mabokosi a mau, nthawi zina imasuntha zinthu. Ndipo ngati kompyuta iribe fonti imene mwini kalata anasankha, imabwereka yina ya zilembo zonenepa kapena zoonda, ndipo ndi pamene tsamba limodzi limasefukira pa lachiwiri. Ali yense wa iwo amalankhula bwino chinenero cha kwao, nalankhula cha mnzache mwachibwibwi. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

CHIFUKWA NINJI ACHITA CHOMWECHO?

Choyamba ndi ndalama. Kutsata muyeso wa masamba zikwi kufuna amisiri ambiri ndi miyezi yambiri, ndipo kampani imayamba yafunsa kuti, "Adzatilipira ndani?" Zigawo zimene ogula ambiri amazifuna zimakonzedwa msanga, zimene afuna owerengeka zimadikira.

Chachiwiri ndi kumanga ogula. Ngati makalata anu onse aoneka bwino m'pulogalamu imodzi yokha, mudzaopa kuisiya, ndipo amene mumalemberana nao adzakakamizidwa kuigula naonso. Womasulira wabwino kwambiri amatsegula khomo lotulukira, ndipo si wogulitsa ali yense amene amakonda khomo lotere.

Chachitatu ndi katundu wakale. Pa dziko pali mafayilo osawerengeka olembedwa kale, ndipo kampani imaopa kuti ikasintha kanthu mafayilo amenewo adzaonongeka, eni ache nakwiya. Ichi ndi chifukwa choona, ndipo tiyenera kuchibvomereza.

Chachinai, miyeso yeniyeniyo nthawi zina imasiya mipata, monga taona pa mafomula, kapena imalola kuti zigawo zina zikhale zosankha. Amisiri awiri oona mtima angawerenge tsamba limodzi nalimva mosiyana.

Chachisanu ndi chakuti palibe wofunsa. Pa bokosi amalemba kuti pulogalamu yao imatsegula ODF, kapena imadziwa Unicode, koma salemba kuti ndi ya chaka chiti, kapena ndi zigawo ziti zimene anazidumpha. Wogula amaona dzina la muyeso nakhulupirira. Chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZITIKHUDZA BWANJI IFE?

Kampani yaikulu ya ku London ikapeza bvuto lotere imalemba nchito mmisiri, kapena imagula pulogalamu yina. Sukulu ya ku Mzimba siingathe. Masukulu athu ambiri ali ndi makompyuta opatsidwa, ena akale ena atsopano, ena a Windows ena a mapulogalamu aulere, ndipo fayilo imodzi imayenda pa fulashi kudutsa m'makompyuta atatu kapena anai isanafike pa pepala. Tiri ngati anthu a pa Kidatu, otsitsa ndi kukweza tsiku liri lonse.

Taganizani pepala la mayeso a masamu limene aphunzitsi alikonza bwino kunyumba, koma posindikiza kanambala ka pamwamba katsika, x² nasanduka x2. Kalasi yonse idzayankha funso limene silinafunsidwe. Taganizani kalata yofunsira malo a maphunziro kapena nchito, imene ifika kwa bwana mizere iri balala. Bwanayo sadzaganiza za miyeso ya ku Geneva ai. Adzangoti mwanayu ndi wosalongosoka. Taganizaninso pepala liri lonse losindikizidwa kawiri chifukwa loyamba linaonongeka, ndi ndalama ya m'thumba imene yapita pamenepo.

Koma chachikulu koposa ndi chikumbukiro cha mtundu wathu. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University ku Luwinga inapsa, ndipo mabuku zikwi zambiri anasanduka phulusa usiku umodzi. Ngozi imeneyo inaphunzitsa anthu ambiri kuti nkwabwino kusunga zolemba pa kompyuta. Nzoona. Koma fayilo imene itseguka m'pulogalamu imodzi yokha ingathe kufa popanda moto, tsiku limene kampaniyo idzasiya kupanga pulogalamuyo. Buku losindikizidwa ku Livingstonia zaka zana zapitazo tingathe kuliwerenga lero ndi maso okha. Kodi adzukulu athu adzatha kutsegula mafayilo athu?

Ndipo za Chitumbuka, pamene anthu aona kuti ŵ amabvuta, amangomsiya. Ena alemba w, ena b, ena ŵ, kotero kuti liu limodzi liri ndi maonekedwe atatu, ndipo wofunafuna pa kompyuta angathe kupeza gawo limodzi lokha la zimene zinalembedwa. Sikuyenera kuti kalembedwe ka chinenero kasinthe chifukwa cha ulesi wa makina. Ngati kasintha, asinthe ndi eni chinenero atakhala pansi.

TICHITENJI TSONO?

Sitingathe kulamula makampani a ku America, koma sitiri opanda chochita. Nazi zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba, chikalata chimene chatha, chongofuna kusindikiza kapena kutumiza, chisungeni ngati PDF musanachoke pa kompyuta imene mwalembapo. PDF inapangidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993, ndipo inakhala muyeso wa ISO mu 2008. Imanyamula maonekedwe a tsamba, ndipo kawiri-kawiri imanyamulanso fonti. Pa zolemba zofuna kusungidwa zaka zambiri pali mtundu wache wotchedwa PDF/A, wa 2005, umene umalamula kuti fonti zonse zikhale m'kati mwa fayilo.

Chachiwiri, musataye fayilo yoyamba. Mukasintha chikalata kupita ku mtundu wina, sungani zonse ziwiri, pakuti chimene chatayika pomasulira sichibwera pomasuliranso.

Chachitatu, pulogalamu ikakufunsani kasungidwe ka zilembo, sankhani UTF-8.

Chachinai, yesani musanakhulupirire. Lembani mzere umodzi wokhala ndi Ŵ, ŵ, ng' ndi x², muusunge, nimuutsegule pa kompyuta yina. Mphindi ziwiri zotere zingapulumutse masamba makumi awiri. Ndipo amene sadziwa polemba ŵ, mu Word ya pa Windows kapena mu LibreOffice alembe U+0175, nakanikize Alt ndi X pamodzi. Nambala imeneyo ndi 373 yomwe ija, m'kawerengedwe ka amisiri.

Chachisanu, chikalata chimene chidzayenda m'manja ambiri chikhale chosakometsera. Fonti imodzi yodziwika, mitu yoonekera, ndi ndandanda zosapiringizika zimaoloka bwino koposa zokongoletsa zambiri. Wopita ulendo wautali sasenza mphika wadothi pamwamba pa mtolo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi cha aphunzitsi athu, ndi cha ife tomwe m'tsogolo muno. Pogula pulogalamu ya sukulu kapena ya ofesi, tisafunse kuti, "Kodi itsata muyeso?" pakuti yankho lidzakhala inde nthawi zonse. Tifunse kuti, "Muyeso wa chaka chiti? Zigawo ziti zimene mulibe? Tikafuna kuchoka, zolemba zathu tidzazitulutsa bwanji?" Safunsa anadya phula. Wogula wamkulu akafunsa, wogulitsa amamva. Boma la South Africa linasankha ODF kukhala muyeso wa makalata ache mu 2007, ndipo boma la Britain linachita chimodzi-modzi mu 2014, kuti nzika isakakamizidwe kugula pulogalamu ya kampani imodzi pofuna kuwerenga kalata ya boma lache.

Anzanga, pakati pathu pano pali amene adzakhala alembi a m'maunduna, ogula katundu wa boma, aphunzitsi akulu, ndi amisiri olemba mapulogalamu. Tsiku lina wina wa ife adzakhala pa desiki, nafika pa tsamba lobvuta la muyeso, ndipo mtima udzamuuza kuti, "Dumpha apa, palibe adzadziwa." Akumbukire pamenepo kuti gawo limene mmisiri wa kutali analidumpha chifukwa linali la anthu ochepa, anthu ochepawo tinali ife. Ndowa ikhale yodzaza, ndipo pansi pache pakhale posagogoda.

Wophunzira wa Fomu 4